A Namlongoti a mu Mzere wa Akazi

A Namlongoti ndinayamba kuwadziwa ndi manja, maso anachita kutsatira pambuyo. Masiku amenewo ndinali mlonda wa pageti la fakitale yopota ulusi, ndipo ntchito yanga inali kusecha akazi poweruka. Belu likalira faifi koloko, antchito ankafola mizere iwiri, amuna kwa mlonda wamwamuna, akazi kwa ine. Ndinkapapasa m'khwapa, m'chiuno, pansi pa duku, mpaka m'ntchafu, pakuti mpukutu wa ulusi ndi kanthu kochepa, ndipo wofuna kukabisa sasowa malo.

Madzulo amenewo kumapeto kwa mzere kunaima mlendo, wamtali kuposa tonse, wa mapewa otakata, atavala diresi lotsika mpaka m'akakolo. Anzawo anali atawapatsa kale dzina, poti akaima pakati pa makina ankaoneka ngati mlongoti wa mbendera. Anafika pamaso panga nakweza manja osauzidwa. Ndinapapasa monga mwa masiku onse. Dzanja langa litatsikira m'munsi mwa mimba, linakhudza chimene ndinali ndisanakhudzepo pa mkazi aliyense m'zaka zisanu ndi ziwiri za ntchitoyo.

Ndinakweza mutu. Iwo anali kuyang'ana khoma pamwamba pa duku langa, mtsempha wa pakhosi ukugunda ngati wa nkhuku yogwidwa mapiko. Mlonda wamwamuna anali mapazi anayi okha kuchokera pamene tinaima. Liwu limodzi likanakwana. Mpaka lero sindidziwa chimene chinandigwira lilime. Ndinangowagunda paphewa monga ndinkachitira ndi aliyense, n'kuwauza kuti apite.

Chimene chikanawachitikira tonse tinkachidziwa. Chaka chomwecho pamsika anthu anavula munthu wina chifukwa cha mphekesera zotere, namuyendetsa m'misewu ali chinochino, ana akumugenda ndi zikonyo. Wa nyumba anamutayira katundu panja tsiku lomwelo. Kumene analowera palibe anafunsa.

Choncho tinakhala ndi pangano losapangana. Iwo ankaima kumapeto kwa mzere, ine ndinkapapasa mapewa ndi m'nthiti mwamphamvu kuti oona aone, m'munsimo dzanja n'kungodutsa m'mphepo. Sitinatchulepo kanthu. Moni wathu unali wa anthu odziwana patali.

Pa ntchito panalibe wofanana nawo. Ulusi ukaduka makina ali m'kati mothamanga, ena ankayamba aimitsa, koma iwo ankaulumikiza ndi zala zawo zazitalizo osazimitsa, ngati akutola nsabwe. Ankayankhula pang'ono chifukwa mawu awo anali a besi. Akazi a pa makina oyandikana ankawaseka kuti mawuwo anachita kubwereka kwa atate awo ndipo anaiwala kubweza. Iwo ankayankha kuti atate awo anali ndi kamawu ka mwana wa mbuzi, awawa ndi a amayi, ndipo nyumba yonse inkaseka. Koma kubafa ya antchito sankalowako, ankati ali ndi nthenda ya pakhungu. Kuchimbudzi ankapita ena onse atabwerera ku makina. Madzi ankamwa ochepa ngakhale kutenthe bwanji. Ena ankati ndi matama, ena ankati ndi kupemphera kwambiri.

Zinayenda choncho zaka zisanu ndi zinayi, kufikira pamene ulusi unayamba kusowa m'makatoni athunthu. Bwana watsopano analamula kuti kupapasa kwatha, aliyense azivula. Akalipentala anakhoma tizipinda tiwiri ta matabwa kumbali ya akazi, ndipo anandibweretsera mnzanga wosecha naye, mayi wa nkhope yosaseka amene tinkamutcha a Sajeni. Lamulo linali lakuti mzere uzifola motsata manambala a makina, ndipo wakutsogolo azilowa m'chipinda chimene chayamba kutseguka. Za kuima kumapeto zinathera pomwepo.

Tsiku loyamba la lamulolo a Namlongoti anandiyang'ana kamodzi kokha ali pakati pa mzere. Ndinamva zimene masowo ankafunsa.

Ndinaphunzira kuwerenga maduku. Pachitseko changa panali mng'alu, ndipo ndikamasecha mkazi diso limodzi linali pamng'alupo, khutu lili kukhoma la a Sajeni kumvetsera ngati wa m'menemo wayamba kuvala. Ndikaona kuti a Namlongoti agwera kwa mnzangayo, ndinkachedwetsa wanga, kumumasula tsitsi, kumukutumula kamisolo kawiri, kapena ndinkamufulumizitsa n'kumutulutsa akumangabe mabatani. Mayi wina wachikulire anandifunsa ngati ndapezamo golide m'khwapa mwake, poti ndinkangobwereramo. Ndinaseka naye, thukuta likutsika mumsana. A Namlongoti akalowa kwanga ankangoima, ine n'kumakutumula nsalu yanga yomwe kuti phokoso limveke, ndikuwerenga mumtima mpaka makumi asanu ndi limodzi. Masabata awiri anatha motero.

Lachinayi la sabata yachitatu mawerengero anali bwino, patsogolo pawo panatsala akazi awiri. Mwadzidzidzi mmodzi mwa iwo, amene anali woyembekezera, anagwira pakamwa nathamangira kukasanza kuseri kwa mpanda. Winayo analowa kwa ine. Ndisanamalize kumuvula ndinamva chitseko cha a Sajeni chikulira. Ndinasuzumira pamng'alu. A Namlongoti anali kutsogolo, a Sajeni akuwakodola ndi chala, ndipo iwo anaponda phazi limodzi, lachiwiri likukana.

Ndinatuluka, mkaziyo ndikumusiya diresi lili m'khosi. Ndinawagwira a Namlongoti pamkono pamaso pa anthu onse, amuna a mzere winawo akuyang'ana.

"Uyu ndi wanga," ndinatero mokweza. "Ndamuona ndekha masana akubisa kanthu m'chiuno. Wakuba iwe, lowa muno."

Ndinali ndisanawatchulepo iwe. A Sajeni anati ngati zili choncho timusechere limodzi. Ndinawayankha kuti chipindacho n'chopapatiza, komanso nyama ndaiona ndine, asandilande pakamwa. Ndinamukankhira panja mkazi uja, n'kukokera a Namlongoti m'kati, n'kutseka. A Sajeni anaima pakhomo penipeni, nsapato zawo ndikuziona pansi pa chitseko.

M'katimo tinaima chifuwa ndi chifuwa. Ndinamenya khoma, ndinakutumula nsalu, ndinatukwana mawu amene sindingawalembe pano. Iwo anangondiyang'ana, ulendo uno m'maso mwenimweni, osaphethira. Nditatsegula ndinayenera kunena kanthu, apo ayi a Sajeni akanafuna kudzionera okha. Ndinati wakubayo wataya ulusiwo penapake, koma kuyambira lero azilowa kwa ine ndekha mpaka ndidzamugwire. A Sajeni anagwedeza mutu, nandiyamikira kuti ndili ndi maso.

Chinsinsi chinapulumuka, dzina linada. Mawa lake pa nthawi ya chakudya akazi anasendeza mbale zawo kutali ndi a Namlongoti. Aja ankaseka nawo za mawu a besi anayamba kumanga ndalama zawo za basi pangodya ya mpango akawaona. Kapitawo anawachotsa pa makina nawapatsa tsache kuti azisesa thonje la pansi, ntchito ya ongoyamba kumene. Patapita mwezi anagwidwa woyendetsa lole amene ankatulutsa makatoniwo pansi pa mpando, tizipinda tija anatiphwasula, a Sajeni anabwerera kumene anachokera. Koma tsachelo silinachoke m'manja mwawo, ndipo palibe anapepesa. Ine sindikanatha kunena kuti ndinanama, pakuti akanandifunsa chifukwa chake.

Pafupifupi chaka chathunthu sanandipatse moni. Ankafika, kukweza manja, kudutsa.

Lamlungu lina masana ndinafunsira njira mpaka ndinapeza pamene ankakhala, kachipinda kamodzi kuseri kwa sitolo ya matayala. Munali bedi, mbaula, katebulo, ndi kagalasi kosweka pangodya. Pambali pa kagalasiko panali lumo m'kapu. Anandipatsa mpando, nateleka madzi a tiyi pambaula, nakhala pabedi.

"Munasowa bodza lina, achemwali?" anandifunsa.

Ndinati limene linali pafupi ndi lomwelo.

"Chinthu chimodzi chokha ndicho ndinali nacho choyera," anatero. "Anthu ankati a Namlongoti ndi oyipa mawu, ndi onyada, koma sagwira cha mwini."

Anathira tiyi m'makapu awiri, ndipo tsiku limenelo ndi pamene anandiuza za moyo wawo. Anati atabadwa mzamba anayang'ana, naitana amayi awo kuti nawonso ayang'ane, ndipo awiriwo anagwirizana kuuza atate kuti ndi mtsikana. Amayi ankawasambitsa okha chitseko chili chotseka, nawaletsa kusewera kumadzi ndi anzawo. Atasinkhuka, anzawo anakula monga akulira atsikana, iwo ayi; m'malo mwake mawu anatsika ndipo pachibwano panamera tsitsi. Atate, osadziwa kanthu, anawapezera mwamuna. Mwamunayo anawabweza patatha masiku atatu, ndipo sanabweze mwakachetechete. Anachoka kwawo ndi kathumba kamodzi, ndipo ngakhale maliro a amayi awo anangowamva. Ndinawafunsa, mwina mopusa, kuti iwo eni amadziona kuti ndi ndani. Anati funso limenelo silinawavutepo n'kamodzi komwe. Iwo ndi mkazi kuyambira pamene anadziwa kuti ali moyo, thupi lokhali ndilo lili ndi zonena zambiri.

Kukhululuka kwawo kunabwera pang'onopang'ono, ndipo sindinganene kuti kunafika ponse. Fakitale itatsekedwa, amuna anga atamwalira, ndinakapeza chipinda moyandikana ndi chawo. Ankaluka masweta a ana n'kumagulitsa pakhonde. Adzukulu anga ankawatcha agogo aatali, ndipo ankawakonda kuposa ine chifukwa ankatha kuwatsitsira mpira padenga osakwera pa kanthu. Chimodzi chokha sankalola: chipatala. Malungo ankawapirira pabedi, dzino linawola mpaka kuguluka lokha, mkono umene anathyoka unapola mokhota. Ndikatchula dokotala ankasintha nkhani.

Kutatsala zaka ziwiri kuti atisiye, anatupa m'munsi mwa mimba, ndipo madzi anayamba kuvuta kutaya. Masiku anayi anabisa. Lachisanu m'mawa ndinawapeza atagwada pambali pa bedi, chipumi chili pamatiresi, ndipo sanakanenso. Tinakwera basi, ine nditanyamula chikwama chawo, iwo atatsamira paphewa langa, ndipo njira yonse ankangofunsa ngati sangangotipatsa mapiritsi pawindo.

Tinadikira pabenchi mpaka dzuwa linafika pamutu. Wotiitana anali namwino wamng'ono, msinkhu wa mdzukulu wanga woyamba. Anawafunsa mafunso, nalemba, kenaka anawauza kuti agone pabedi akweze diresi. Ine ndinayamba kale kuyankhula, kuti agogowa ndi amanyazi, kuti akhoza kungofotokoza pakamwa. A Namlongoti anandigwira padzanja kuti ndikhale chete. Dzanja lawo linali lozizira.

"Mwana wanga," anatero kwa namwinoyo, "usanakweze nsaluyi ndiyambe ndakuuza. Chimene uone pamenepo si chimene ukuyembekeza. Ndinabadwa choncho. Ndili ndi zaka makumi asanu ndi awiri ndi zinayi, ndipo sindinavulepo pachipatala."

Namwinoyo anaima cholembera chili m'manja. Panja pankamveka anthu a pabenchi, ndipo chitseko chinali chosatsekeka bwino. Ndinaona maso ake akupita kuchitsekoko, ndipo mtima wanga unati akufuna kuitana anzake. Anapita, nachikankha ndi phewa mpaka chinalira, nakoka katani. Anabwerera akutikita manja ake kuti afunde.

"Ndamva, amayi," anatero. "Pakupwetekani mbali iti?"

Anawayeza mosafulumira, osasintha nkhope. Atamaliza anawathandiza kutsitsa diresi, nati ayenera kugonekedwa kuti dokotala awaone tsiku lomwelo, ndipo iye mwini akamufotokozera dokotalayo pambali. Kenaka anatsegula chitseko naitana wokankha njinga ya odwala, namuuza kuti awatengere amayiwa ku wodi ya akazi, bedi la kumapeto limene lili ndi katani.

Tili m'khonde, njinga ikulira matayala, a Namlongoti anandikodola kuti ndiwerame. Anandifunsa monong'ona ngati amva bwino kumene mwanayo wanena. Ndinati amva bwino.

"Nanga mwaimiranji?" anatero. "Nyamulani chikwamacho, tingapeze bedilo atatenga ena."