Zimene Anandidyetsa ku Area 10

Tinali anayi, ndipo tinadziwana tili atsikana kusekondale yogonera komweko. Chaka chimene tonse tinkayandikira zaka makumi asanu, mmodzi wa ife, amene anakwatiwa ndi dokotala n'kumakhala ku Area 10, anabwera ndi maganizo oti tipite kunja. Osati ku Joni kokaoda katundu, osatinso kumsonkhano wa kuntchito, koma ulendo wongokadya ndi kumwa basi, amuna ndi ana kuwasiya kunyumba. Anali ataona zithunzi za chigawo china cha kummwera kwa Italy chotchedwa Puglia, ndipo anatitumizira zithunzizo pafoni tsiku lonse mpaka ine batire kutha.

Mwa ena awiriwo, wina amagwira ntchito kubanki ku City Centre, winayo ndi mphunzitsi, amene kusukulu bedi lake linali moyandikana ndi langa. Msilamu pagulupo ndinali ine ndekha. Ndinabadwira ku Old Town, kuseri kwa mashopu a ku Area 2, kumene bambo anga ankasoka zovala pakhonde, ndipo mpaka lero ndimakhala komweko ndi amuna anga. Anzangawo zonsezi ankazidziwa. Anandiona ndikusala kudya tili mu Fomu 1. Anabwera kuukwati wanga atafunda mipango kumutu, n'kudya pilawu wa mayi anga mpaka kunyambita zala.

Ndinawauza tsiku loyamba lomwelo kuti, "Vinyoyo muzikamwa inu, ine ndizikadya. Koma nkhumba ndi mowa pakamwa panga ayi."

"Nanga sadziwa ndani?" anatero mkazi wa dokotala. "Ndiye iweyo ukonze ulendowu, poti ndiwe wekha amene mutu wako uzikakhala bwino nthawi zonse."

Tinaseka, ndipo ndinavomera. Kuntchito kwanga ndine amene ndimakonzera mabwana maulendo awo, choncho za matikiti ndi malo ogona sizindiopsa. Komanso, ndisaname, ndimakonda kudya. Anzanga akatuluka masana kukagula tchipisi, ine ndinkatsala muofesi n'kumawerenga za Puglia. Ndinadziwa kuti pamapu dziko la Italy limaoneka ngati jombo, ndipo ife tinkapita kuchidendene kwake. Ndinaonera mavidiyo a amayi a mumzinda wa Bari atakhala pakhomo, akupinda pasta, chakudya chawo cha ufa wa tirigu, ndi chala kuti ikhale ngati timakutu, momwe ife timakhalira pakhonde n'kumapinda samusa. Ndinaona kuti kumeneko amadya nyemba zosinja ndi masamba owawirako, ndipo ndinaseka ndekha, chifukwa izo ife tinakulira nazo. Ndinapeza mafamu oyenga mafuta a maolivi, malo ophika nsomba zongovuulidwa kumene, ndi mudzi wa nyumba zoyera zokhazokha pamwamba pa phiri.

Za vinyo sindinazizembe. Ndinalembera eni minda ya mphesa kuwafunsa masiku amene amalandira alendo. Ndinaphunzira mayina a vinyo amene sindidzamulawa mpaka kufa, kuti anzanga asakachite manyazi pofunsa. Paliponse ndinkawonjezera kuti mmodzi wa ife sadya nkhumba ndipo samwa. Mayi wina wa kufupi ndi mzinda wa Lecce anandiyankha kuti ndisadandaule, adzandiphikira nsomba m'poto wakewake. Mzungu amene sanandionepo. Ndinadziperekanso kuti galimoto ya hayala ndizikayendetsa ndine, popeza enawo azikakhala atalawa.

Kwathu nkhaniyi sinalandiridwe bwino. Apongozi anga aakazi atamva anandiitanitsa.

"Mkazi wachisilamu kukayenda m'minda ya mowa? Anthu kumzikiti adzati chiyani?"

"Amayi, awa ndi anzanga a kuyambira ndili mwana," ndinawayankha. "Amandilemekeza kuposa abale ena. Sangandilakwitse."

Ndinanena mawu amenewo nditakweza mutu. Ndikawakumbukira lero nkhope imandiyaka.

Ulendo utayandikira, mkazi wa dokotala anatiitana kwake Loweruka masana. Anati tiyeserere, aphika yekha chakudya cha ku Puglia chimene anachiona pavidiyo: nyama ya ng'ombe yodula mopyapyala, yokulunga ngati mkeka, yophika mumsuzi wa tomato kwa nthawi yaitali. Nyamayo ndinagula ndine kubutchala ya Asilamu ku Area 2, kumene ndimagula nthawi zonse, n'kumutumizira chadzulo lake. Anandithokoza pafoni, ati yafika yabwino.

Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Tebulo anayala pakhonde la kuseri, moyang'ana kapinga wobiriwira ngati kwawoko mvula siisiya. Atatuwo anali ndi matambula a vinyo wofiira, ine anandithirira juwisi wa mphesa m'tambula yofanana ndi yawo. Ndinatenga kompyuta yanga kuwaonetsa njira yonse, kuyambira potsikira ndege mpaka pobwerera. Anaombera m'manja. Wa kubanki anati ndisiye ntchito nditsegule kampani.

Chakudya chinabwera. Ndinatchula dzina la Mulungu, ndinadya. Chinali chokoma, sindikana. Nyama yofewa yosafuna mpeni, msuzi wolemera, wokhala ndi kafungo kamene sindinakazindikire. Ndinafunsa kuti wathiramo chiyani, iye anati, "Zachinsinsi." Ndinapempha kuti andiwonjezere. Pamene ndinkapukuta mbale ndi buledi, ndinaona wa kubanki akubisa pakamwa ndi kansalu, mapewa akugwedezeka.

"Chaseketsa n'chiyani?"

Mkazi wa dokotala anatsamira kumpando, tambula ili m'manja. "Wakhuta, mnzanga?"

"Ndakhuta."

"Wadwala?"

"Ndidwale chifukwa chiyani?"

"Ndiye waona! Mumsuzimo muli theka la botolo ili. Ndipo m'kati mwa nyamamo ndinakulungiramo bekoni, momwe eniake amachitira. Wadya mbale ziwiri ndipo sunafe. Tsopano ku Italy usakativutitse ndi mafunso ako m'malesitilanti."

Poyamba sindinamve bwino. Ndinayang'ana mbale yanga, yoyera ngati yotsuka.

"Wandidyetsa nkhumba?"

"Aaa, kabekoni pang'ono chabe. Ndipo vinyo akapsa mowa wake umauluka, funsa aliyense."

"Ndakufunsa kuti wandidyetsa nkhumba?"

"Iwe, usakuze nkhani," analowerera wa kubanki. "Timafuna tikumasule. Zaka zonsezi umangodzimana, ife timakumvera chisoni."

Kundimvera chisoni! Ine amene ndinawakonzera ulendo wawo wa mowa osadandaula ngakhale kamodzi. Ndinatembenukira kwa mphunzitsi uja. Iyeyu kusukulu, mwezi wa Ramadani, ankandisungira mgaiwa wake wamadzulo pansi pa pilo kuti ndidzadye m'bandakucha. Anali atazolika, akuzunguliza foloko pansalu ya patebulo.

"Iwenso umadziwa?"

Anapitiriza kuzunguliza foloko ija.

"Ndikufunsa iwe. Umadziwa?"

"Ndinawauza kuti si bwino," anatero motsitsa mawu.

"Unawauza iwo. Ine unandiuza? Unali pompano ndikupempha mbale yachiwiri. Unandipatsira ndi dzanja lako."

Ndinaimirira, mpando n'kugwa chagada. Ndinanena zambiri zimene sindizikumbukira ndondomeko yake. Ndikukumbuka kuti ndinauza mwini nyumbayo kuti galu wake amamufunsira kaye kwa dokotala wa ziweto asanamusinthire chakudya, koma ine sanandione woyenera kufunsidwa. Ndikukumbuka kuti iye anasiya kuseka n'kunena kuti m'nyumba mwake munthu samukalipira. Ndinanyamula kompyuta yanga n'kutuluka.

Ku Area 10 munthu wopanda galimoto ndi wosochera. Tsikulo galimoto inali ndi amuna anga, ndipo pobwera ananditenga ndi wa kubanki uja. Ndinayenda m'mbali mwa mipanda italiitali, nsapato zazitali zikundiluma, maluwa a jakaranda akuphwanyika pansi pa mapazi. Pangodya ina ndinawerama m'ngalande kuyesa kusanza. Ndinalowetsa chala kukhosi, koma palibe chinatuluka, misozi yokha. Thupi langa linali litalandira chakudyacho ndi mtendere wonse, ndipo zimenezo zinandikwiyitsa koposa. Ndinayenda mpaka kumsewu waukulu, kumene ndinakwera njinga yamoto, ine mayi wamkulu, diresi lapaphwando nditalikwinyira m'maondo.

Amuna anga anandimvetsera mpaka kumapeto. Ndi munthu wofatsa, nthawi zina mopitirira muyeso.

"Palibe tchimo kwa munthu amene wadya osadziwa," anatero. "Aliyense wophunzira za chipembedzo angakuuzeni zomwezo. Mtima ukhale m'malo."

"Inu mukuganiza kuti ndikuopa tchimo? Mulungu anaona zonse, sindikufunika kumufotokozera. Anthu amenewa anakhala pansi, kupangana, kundidikirira kuti ndimeze. Ankandionerera ngati nyani wa kumalo osungira nyama."

Anangondithirira madzi m'kapu. Apongozi anga sindinawauze, ndipo sindidzawauza. Sindingapirire kuwaona akugwedeza mutu mosadabwa.

Lamlungu foni inali zii. Lolemba m'mawa, ndili kuntchito, wa kubanki anaimba. Ndinayankha poganiza kuti mwina agona nazo ndipo manyazi awagwira.

"Mwali, mkwiyo watha? Tamvera, tikufuna tidziwe ngati ukupitabe, chifukwa ngati sukupita tiyenera kupeza woyendetsa galimoto. Ife tonse tizikakhala titamwa, ukudziwa."



"Ndiye chimene mwataya ndi dalaivala?" ndinamufunsa.

"Usatero iwe. Mwini nyumba uja nayenso wakhumudwa, unamunyoza pakhomo pake. Nonse mwalakwa, mungokhululukirana."

Ndinadula foni. Tsiku lomwelo ndinachotsa dzina langa paliponse pamene ndinalilembetsa. Ndinawatumizira zonse zimene ndinakonza, osabisa kanthu, chifukwa sindinafune kuti adzanene kuti Msilamu uja anatiwonongera ulendo. Mayi wa ku Lecce uja ndinamulembera kuti za nsomba zija asavutike nazo. Anandiyankha kuti wamva chisoni, ndipo anafunsa ngati kunyumba kuli bwino. Ndinatseka chitseko cha ofesi n'kulira.

Mphunzitsi anabwera kwathu patapita masiku. Anandipeza ndikuchapa kuseri. Anakhala pa chidebe chovundikira, chikwama atachikumbatira pamiyendo.

"Ndabwera kudzapepesa," anatero.

"Wakutuma ndani?"

"Palibe. Sindikugona, mnzanga. Ndinaopa. Ukudziwa kuti tikiti yanga anandithandiza ndi mnzathu wa ku Area 10 uja. Ndikanakuuza, akanati ndine wosayamika."

Ndinamumvetsa, ndipo kumumvetsako sikunachepetse kanthu. Ndinamufunsa ngati akupitabe. Anayang'ana thovu m'beseni n'kunena kuti zonse zalipiridwa kale, ndipo mwayi wotere kwa mphunzitsi subwera kawiri.

"Pita," ndinatero. "Ukadye bwino."

"Ukundikhululukira?"

"Lero ayi."

Ndinamuperekeza mpaka pamsewu, chifukwa mlendo ndi mlendo, koma sitinagwirane chanza.

Anapita atatu. Zithunzi zawo ndinaziona pafoni ya mnzanga wa kuntchito amene sankadziwa nkhaniyi, akundionetsa mosangalala kuti taonani azimayi anzathu akudyerera. Anaima pamalo onse amene ndinasankha ine. Pamudzi wa nyumba zoyera paja anajambulitsa dzuwa likulowa, monga momwe ndinawalangizira. Ndinabweza foniyo n'kunena kuti akuoneka bwino.

Mkazi wa dokotala sanapepese mpaka lero. Ndinamva kuti akamafotokoza nkhaniyi kwa anthu amati ine ndinasintha, ndinayamba kulimbikira kwambiri zachipembedzo, ndipo masiku ano munthu sungaseke nane. Tinakumana kamodzi pamaliro a mayi wa mnzathu wina wa kusukulu. Anabwera manja ali tambasu, akundiitana dzina lachibwana limene ankandiitana nalo tili atsikana. Ndinamupatsa moni wa "muli bwanji", wa munthu wamkulu kwa munthu wamkulu mnzake, kenako ndinakakhala mbali ina ya tenti, pakati pa amayi amene sindinkawadziwa.