Zilembo Zadothi za Amai Sitali

Amai Mbololwa Sitali anabwera kudzaphunzitsa ku Ndake kuchokera kwawo ku Mongu ali ndi sutikesi imodzi ndi maganizo oti akhala zaka ziwiri basi. Lero imvi zawamerera komweko. Ndi mayi wamfupi, wolankhula motsitsa, koma akagwira chinthu sataya. Kumidzi amawatcha Amai Matope, ndipo dzinalo linabwera chifukwa cha mwana wina wa giredi folo, Titus.

Titus sanali wogona m'mutu. Masamu a pakamwa ankayankha anzake akadawerenga zala, ndipo nkhani akaimva kamodzi ankaibwereza yonse. Koma kumupatsa buku kuti awerenge, thukuta kamukamu. Ankati zilembo sizikhazikika, zimatembenuka ndi kusinthana malo. Aphunzitsi ena anali atamukhazika kale kumbuyo kwa kalasi. Amai Sitali anamvapo za vuto lotere ku maphunziro ena, ati disilekisiya, koma kumeneko anangouzidwa dzina, chochita nalo ayi.

Tsiku lina pa buleki anamupeza Titus akuumba ng'ombe zadothi, za linunda ndi nyanga zomwe. Anaima, nayang'anitsitsa manja aja. Kuyambira pamenepo anamuumbitsa zilembo. Chilichonse ankachiumba, kuchiyanika padzuwa, kenako kuchisisita atatsinzina uku akutchula liwu lake. Ana ena a vuto lomweli anadzalowa nawo. Mayunifolomu ankabwerera kunyumba ali psuu, amayi awo kudandaula sopo, ahedi kudandaula khonde. Amai Sitali ankangoti amva, n'kusesa okha khondelo, m'mawa n'kukandanso dothi lina.

Mvula ili pafupi, kunabwera bambo ake a Titus, a Josiah, mlimi wa thonje. Kuno mnyamata amene sukulu yamukana amakaweta ng'ombe za eni kwa zaka zingapo, pamapeto n'kupatsidwa yake yaikazi. Wopita kubusa sabwereranso m'kalasi, ndipo zimenezi Amai Sitali anali ataziona kangapo.

"Amai, nabwela kutenga mwana," anatero a Josiah. "Malo a ubusa apezeka, ayamba mailo kukangocha. Ng'ombe zadothi sizilima."

"Khalani pansi, bambo, muone chabe. Mukaona, mwana ni wanu."

Analankhula molimba, koma mantha anali nawo, poti Titus akanjenjemera ankaiwala zonse. Mwanayo anayala zilembo zake pansi, natsegula buku. Anawerenga mzere umodzi mopunthwapunthwa, chala chikujambula pantchafu. Anakakamira pa liwu lina, natola chilembo, kuchisisita, n'kupitirira. Tisanamizane, sikunali kuwerenga kokoma. Wa giredi thu akanamuseka. Koma mizere itatu inatha, ndipo palibe anamunong'oneza.

A Josiah sanayamikire. Anatola chilembo chimodzi, nachitembenuzatembenuza m'manja mwawo mokhakhala.

"Zimayenda, ka?" anafunsa mwana wawo.

"Zimayenda, atate. Koma nikazigwila zimaima."

"Na ine zinali kuyenda," anatero a Josiah chapansipansi. "Aphunzitsi ananimenya mpaka n'nathawila kubusa."

Anabweza chilembo chija pamalo pake, natenga mwana wawo n'kumapita osalonjeza kanthu. Amai Sitali anatsala pakhonde mtima ukuwawa. Anawapsera mtima bambo aja, komanso anawamvera chisoni. Zilembo za Titus sanazitaye. Anazilongedza m'katoni, atatsimikiza kuti zikavuta azinyamula n'kumutsatira nazo kubusa konko.

M'mawa belu lisanalire, pabwalo la sukulu panalowa ngolo. Ankaikoka ndi ng'ombe ziwiri za a Josiah, zidzukulu za yaikazi ija anapatsidwa kubusa ali mwana. Pamwamba panakhala Titus atavala yunifolomu, miyendo ili pa mulu wa dothi lakuda.

"Dothi lanu lija la pachulu limang'aluka," anatero a Josiah, maso ali kumbali. "Ili ni la kudambo, loumbila miphika. Nitsitsile kuti?"

Amai Sitali anangoloza pakhonde, pakhomo penipeni pa ofesi ya ahedi.