Mpapaya wa Che Sefu Uvala Chitenje

Kunja kukamacha, Che Sefu amakhala atapemphera kale ndipo ali pageti la a Chipulikano ku Area 43, kumene akhala akusamalira maluwa ndi ndiwo zamasamba zaka khumi ndi ziwiri. M'mwezi wa Juni sathirira msanga. Amayamba atunga madzi m'ndowa zinayi n'kuziika padzuwa, kenaka n'kumapisamo chala ngati madzi osambitsira khanda.

"Madzi ozizira amaupatsa mpiru chimfine," amatero.

Palibe anaonapo mpiru ukuyetsemula, koma palibenso angawatsutse, poti repu ndi tanaposi wawo amakhala wobiriwira ngakhale kapinga yense atauma.

Chimodzi chokha chinkawachititsa manyazi: mpapaya wa kuseri kwa galaja. Njere yake anaitenga m'papaya lokoma limene akazi awo, mayi Sauda, anagula mumsika wa Lilongwe, ndipo anaibzala ndi manja awo. Mtengo unakula bwino, koma unali wamwamuna. Maluwa mbwee, chipatso ayi.

"Che Sefu, mtengo uwu ukungotha manyowa anga," anatero a Chipulikano tsiku lina akukwera galimoto. "Julayi akatha, muudule."

Che Sefu anamangirira chitsononkho pathunthu, monga amachitira kwawo akafuna kuti mpapaya wamwamuna usanduke wamkazi. Panatha masabata atatu, osasintha. Ndiye anakhala pansi n'kuganiza mozama. Mtengo ungadziwe bwanji kuti ndi wamkazi uli wosavala, m'chisanu chotere? Anapempha chitenje chakale kwa mayi Lizzie, akazi a bwana, n'kuuveka. Kumtunda anaufunditsa juzi yawo yomwe, ndipo poti masamba ambiri anali atayoyoka ndi kuzizira, mpango unakhala bwino pamwamba.

Lachisanu m'mawa kunabwera amayi a kumpingo kudzapemphera ndi mayi Lizzie. Mmodzi wa iwo, mayi Evelesi, anali ataiwala magalasi. Pofuna mpopi wosambira m'manja analowera kuseri, ndipo ataona munthu wamtali ataima duu, anapinda maondo mwaulemu.

"Mwadzuka bwanji, amayi?"

Zii.

"Kodi ndinu apongozi a pakhomo pano? Mwafika liti kuchokera ku Rumphi?"

Che Sefu anadzutsa mutu pakati pa matimati. "Pepani mayi, sanazolowere. Chitenjecho achiyamba Lolemba."

Mayi Evelesi anabwerera m'nyumba atakwinya nkhope. "Lizzie, mlendo wako uja ndi wamwano bwanji!"

Amayi onse anatuluka kukamuona mlendoyo. Tsiku limenelo nyimbo yoyamba inakanika katatu, chifukwa aliyense akatsegula pakamwa pankatuluka phwete.

A Chipulikano atamva madzulo, anaseka mpaka kutsokomola. "Mtengo woti wapatsidwa moni ndi amayi a mpingo, ndiudule ine? Lamulungu ndikakhala pati? Usiyeni."

Julayi anatha chikwanje chisanaukhudze. Mpapayawo ulipobe kuseri kwa galaja, ndipo sunaberekebe. Che Sefu amati vuto likudziwika: palibe munthu wamayi angasangalale ndi chitenje chimodzi. Chaka chomwecho anaima pakhomo la kukhitchini, manja atawagwira kumbuyo.

"Mayi, mukapita mumsika muwagulireko china chosinthira. Chamaluwa ofiira, kuti alimbe mtima."

Mpaka lero mayi Lizzie sanachigulebe chitenjecho.