Dzino Loyamba Kugwedera

Mwana wanga atayamba kugwedera dzino, amayi anzanga a ku Ching'ambo anaseka nati mnyamata wakula. Ine sindinaseke nawo. Magazi a mwanayu akayamba kutuluka sadziwa kuleka. Kabala kamene mnzake amangopaka malovu n'kubwerera kumpira, iye kankamugoneka kuchipatala.

Adokotala anati m'magazi muli timapuloteni towaundanitsa, ndipo mwa iye kena kakuperewera. Kuti adziwe kuti ndi kati, anamutenga magazi, n'kuwazunguza pamakina mpaka madzi achikasu atayandama pamwamba. Madziwo anawaumitsa mufiriji kuti apite ku labu yakutali yofufuza matendawa. Mankhwala ake enieni ankadikira yankho limenelo.

Nditapita kukafunsa, mayi wa mu labu anandipewa maso.

“Pepani chomene, amama. Magetsi anatichita chipongwe, zonse zinasungunuka. Timutengenso.”

Ndinathokoza kuti “Yewo,” chonsecho mumtima ndikutukwana. Anamutenganso magazi, ndipo pamene anabayapo panatupa n'kuda bii.

Kuyambira pamenepo nyumba yathu inasanduka ndende, ine mlonda wake. Geni yanga ya tomato inafa. Nzimbe ndinaletsa, chimanga chootcha ndinaletsa, kubwalo ndinatseka. Ntchito yanga inali kulondera lilime la mwana.

“Chotsa lilime pamenepo, iwe!”

Iye ankangokhala pawindo kuonerera anzake akuponya mano awo padenga, akuuza khwangwala kuti awabweretsere atsopano. Mayi woyandikana nafe anabwera ndi ulusi wozulira dzinolo, ati ndi kamphindi chabe. Ndinamuthamangitsa ngati nkhuku yolowa m'khitchini, ndipo mpaka lero moni wathu ndi wapakamwa. Ndinatopa, ndisaname. Masiku ena ndinkakwiyira mwana wosalakwa.

Dzinolo linatsalira mu nthochi yakupsa, chinthu chofewa chimene ndinamupatsa ndekha. Tinathamangira kuchipatala pa kabaza nditamutsindira nsalu kukamwa, nsaluyo ikulemera m'manja mwanga. Anamuika madzi achikasu onga aja, ochokera m'magazi a munthu wina wachifundo, ndipo magazi analeka mawa lake. Yankho la ku labu linali lisanabwerebe.

Titabwerera kunyumba anatulutsa dzino lija m'thumba la kabudula. Ndinamutsegulira chitseko. Analiponya padenga la malata, linalira kuti gobede, iye n'kudumpha ndi chimwemwe. Kenako anathamangira kwa ine atayasama, chala chili m'kamwa.

“Amama, onani! Linanso layamba!”

Ndinagwada n'kusuzumira. Mano onse aja anali pamzere, oyera mbee, lililonse likudikira tsiku lake.