Dokotala wa Zilonda Zosapola

Ella Makwinja anali ndi zaka khumi ndi zisanu pamene aphunzitsi anamuuza kuti azikhala panja pa kalasi.

Sanalakwe kanthu. Vuto linali chilonda cha pamsongolo. Anachitenga kuphiri la Zomba tsiku lina la mvula, pamene anaterereka ndi mtolo wa nkhuni pamutu n'kugwera pa chitsa cha paini. Poyamba kanali kabala wamba. Patapita miyezi chinakula ngati chikhatho, mafinya ali chuchuchu, ndipo fungo lake linkalowa m'kalasi mwini wake asanafike pakhomo.

"Ella, tenga njerwa uzikhala apo pawindo," anatero aphunzitsiwo osamuyang'ana kumaso. "Uzimva zonse uli pompo. Anzako akudandaula."

Ndiye ankakhala pamenepo, dzanja lina likulemba, lina likuthamangitsa ntchentche. Nthawi yopuma anzake ankamulambalala ngati akulambalala chithaphwi.

Makolo ake anali atamwalira motsatizana. Ankakhala ku Mbedza ndi azakhali ake, a Fanny, amene sanali ankhanza ayi, koma anali ndi ana awo ambiri m'kanyumba kothina. Ella ankagona kukhitchini, mbale yake inkasungidwa payokha. Anayesa zitsamba, anayesa madzi a mchere, ena anati mwanayo anachita kumulodza. Chilonda chinkangoseka.

Mayeso a Sitandade 8 atatuluka, dzina lake panalibe. Palibe amene anadabwa, ndipo palibe amene anamupepesa.

Thupi litayamba kutentha mwendo utatupa, a Fanny anamuperekeza kuchipatala n'kubwerera kukasamala ana. Mu wodi muja wodwala aliyense anali ndi womudikirira, womusambitsa ndi kumubweretsera phala. Nthawi yoona odwala ikakwana, Ella ankatembenukira kukhoma kuti asaone anzake akuzunguliridwa ndi abale.

Kumeneko ndi kumene anakumana ndi Dokotala Rumana, mwana wa banja lina la amwenye a sitolo m'tauni ya Zomba, wobadwira momwemo, wolankhula Chinyanja chosadodoma. Mayiyu anamasula nsanza za pamwendo paja osatseka mphuno. Anatsuka chilonda masiku ambiri, kenaka ku fiyeta, chipinda cha opaleshoni, anasenda khungu pantchafu ya Ella n'kulimata pamsongolo. Pang'onopang'ono chinapola.

Tsiku lotuluka Ella anazilimbitsa mtima.

"Adokotala, nanga bwanji zilonda za ena zimapola msanga, changachi chinakana nthawi yonseyi? Nanga amayi aja anali pabedi la kukhomo, bwanji awadula mwendo?"

Dokotala Rumana anamuyankha kuti:

"Zina ndikudziwa, zambiri sindikudziwa. Ndipo m'dziko muno palibe amene akuzifufuza. Bwerera kusukulu, udzatiuze ndiwe."

Mwina mayiyo ankangomulimbikitsa mwana wamasiye. Koma Ella anawatenga mawuwo ngati ntchito imene wapatsidwa.

Anabwereza Sitandade 8 ali wamtali kuposa aliyense m'kalasimo, ana akumutcha anganga. Anakhoza. Kusekondale ankapitabe kuphiri Loweruka kukatola nkhuni zogulitsa, buku la sayansi atalimanga m'chitenje. Fomu 4 analemba kawiri, chifukwa ulendo woyamba masamu anamugwetsa. Ulendo wachiwiri anasankhidwa kupita kusukulu ya madokotala ku Blantyre.

Musaganize kuti kusungulumwa kunathera pamenepo. Anzake ambiri anali ana a m'tauni, odziwana kalekale. Pa holide iwo ankatengedwa pa magalimoto, iye ankatsala akuthandiza anamwino kutsuka zilonda, ntchito imene ophunzira ambiri ankaizemba. Tsiku lolandira digiri, a Fanny anali atagona kale kumanda. Ella anajambulitsa chithunzi chimodzi, ali yekha, n'kukabweza mkanjo.

Anapeza mwayi wokaphunzira opaleshoni ya mitsempha ya magazi kunja kwa dziko. Kumeneko anamvetsa chimene chinadula mwendo wa amayi a pabedi la kukhomo aja: mitsempha ikatsekeka, makamaka kwa odwala shuga ndi osuta fodya, magazi safika kuphazi, ndipo chilonda chimene sichilandira magazi sichingapole ngakhale muchitsuke bwanji.

Kumeneko anakondananso ndi dokotala mnzake wa ku Malawi konkuno, Philip. Maphunziro atatha Philip anati, "Tikhale kuno, Ella. Kwathu ukagwira ndi chiyani? Ulusi wosokera mitsempha ukaupeza kuti?"

"Ndikaufuna," anayankha Ella.

Anakwera ndege yekha. Philip anakwatira wina.

Atabwerera ku Zomba anapeza kuti chilonda cha kuphazi chikavuta, mankhwala ake anali amodzi: kudula. Sikuti madokotala anali ouma mtima. Odwala ankafika mochedwa, ntchito inali yothina, ndipo kudula kunkapulumutsa moyo. Ella anafuna kudziwa kuti mwa miyendo yonseyo, ingati ikanatha kutsala.

Anayamba kafukufuku wake popanda ofesi, popanda womuthandiza. Anali ndi kachipangizo kakang'ono komvera magazi: ukakagunditsa paphazi, kamalira ngati mphepo magazi akamayenda, kamangoti zii akaima. Masiku opuma ankakwera minibasi kupita ku Songani ndi ku Malosa, kulondola odwala ake m'midzi, kuyeza zilonda, kumvera mapazi. Anzake kuntchito anamupatsa dzina lakuti Mayi Zilonda. Pa nkhomaliro ankadya yekha.

Zotsatira zake zoyamba anazitumiza ku magazini ya madokotala ya kunja. Anazibweza, ati odwala ndi ochepa. Anatumiza kwina. Anabwezanso.

Kenaka kunabwera Che Fatima, mayi wachikulire wogulitsa tomato, chala chakuphazi chitada bii. Ella anawauza kuti ayesa kupulumutsa mwendo. Ku fiyeta anachotsa mtsempha wina m'mwendo womwewo n'kuulumikiza kuti magazi alambalale pamene panatsekeka, monga mmene mlimi wa kudimba amapatutsira ngalande. Opaleshoni inaoneka ngati yayenda. Koma sabata isanathe mtsempha uja unatseka, phazi linazizira, ndipo Ella yemweyo ndi amene anadula mwendowo.

Mwana wamkazi wa Che Fatima anamuimika pakhonde la wodi, anthu akumva.

"Mukanangodula poyamba paja! Mwawazunza kawiri amayi anga chifukwa chofuna kuphunzirirapo."

Loweruka lotsatira Ella sanapite kumidzi. Anakwera phiri wapansi mpaka pamwamba, m'nkhalango ya paini, nkhungu itaphimba tauni yonse. Anakhala pamwala n'kulira ngati mwana. Analibe woti n'kumuimbira foni. Anali atadutsa zaka makumi anayi, wopanda banja, wopanda chooneka pa kafukufuku wake, ndipo mawu a mtsikana uja ankamulasa chifukwa iye mwini ankadzifunsa zomwezo.

Anatsika dzuwa litapendeka, atatsimikiza kusiya.

Koma Lolemba anapeza odwala atandanda pabenchi, aliyense phazi lokulunga nsanza. Anaganiza zoti awaone okhawa. Mawa lake kunabwera ena.

Anakhala pansi n'kuunikanso za Che Fatima osadzinyengerera. Anaona kuti mayiyo anafika matenda atapita kale patali, ndiponso kuti si mwendo uliwonse umene ungapirire opaleshoni yotere. Anayamba kusankha mosamala, ndi kuuza wodwala aliyense chilungamo chonse asanamugoneke. Anayendanso m'zipatala zing'onozing'ono kuphunzitsa anamwino kugwira phazi la wodwala shuga, kumva ngati magazi akugunda, ndi kumutumiza msanga chilonda chisanakule.

Mmodzi mwa otumizidwa msangawo anali a Henderson, bambo wa kabaza wa njinga wa pa Songani. Kachilonda ka pachidendene kanali katakana kupola, ndipo akapalasa pang'ono katumba ankawawa ngati wamangidwa ndi waya.

Ella anawauza mosabisa. "Bambo, ndinayesapo zoterezi zinakanika, ndipo mayi wina anataya mwendo. Kwa inu mwayi ulipo chifukwa mwafulumira, koma sindingalumbire."

A Henderson anayang'ana akazi awo, kenaka anayang'ana phazi.

"Adokotala, mwendo uwu ndiye munda wanga, ana anga amadya pomwepa. Mukaudula osayesa, ndidzakudandaulani. Mukayesa n'kukanika, ndidzati Mulungu ndiye wafuna. Yesani."

Opaleshoni inatenga pafupifupi tsiku lonse. Masiku otsatira Ella ankafika pabedipo mtima uli m'mwamba, akukumbukira kuti ndi Che Fatima zinayambanso bwino chonchi. Sabata inatha. Ina inatha. M'mawa wina anapeza akazi a Henderson atafumbata phazi lija ndi manja awiri.

"Adokotala, tabwerani mugwire. Likufunda! Miyezi yonseyi limazizira ngati mwala wa mumtsinje."

Ella anagunditsa kachipangizo kake. Phokoso la magazi linamveka wodi yonse. Anatuluka msanga kuti odwala asaone misozi ya dokotala.

Chilonda chinapola, ndipo a Henderson anabwerera pa njinga yawo. Pambuyo pawo panabwera ena. Si onse amene miyendo yawo inapulumuka, koma ambiri amene kale akanadulidwa anatuluka m'chipatala akuyenda okha. Kafukufuku uja, atakhwima ndi zaka, anasindikizidwa. Madokotala achinyamata anayamba kupempha kuti adzaphunzire kwa iye, ndipo lero ku fiyeta saimanso yekha.

Ella amakhalabe yekha m'kanyumba ka m'munsi mwa phiri. Zina zimene anataya panjira sizinabwerere, ndipo iye sanamizira kuti sizimupweteka. Koma mukadzafika pa Songani tsiku la msika, dziwani kuti pakati pa anthu akupalasa njinga ndi kusenza madengu, alipo amene akuponda pansi ndi mapazi awiri chifukwa mayi mmodzi anakana kusiya.

Inu amene mukuwerenga, mwina mwalephera mayeso kawiri. Mwina ntchito imene mwaikirapo moyo wanu wonse anthu akuibweza, ndipo mukatembenuka simuona wokugwirani dzanja. Lirani ngati kulira kwabwera, palibe mlandu. Koma kukacha dzukani mukaone amene akukudikirani pabenchi, muwathandize a lero okhawo. Mawa mudzachitenso chimodzimodzi.

Kuyenda nokha sikutanthauza kuti mwasochera. Osataya mtima.