Tikiti Nambala 47

Ndinali mphunzitsi wa Sitandade 3, wa zaka ziwiri zokha pa ntchito, pamene kalabu ya ogwira ntchito m'boma ku Nkhata Bay inakonza mpikisano wa matikiti. Mphoto inali makina osokera. Masiku amenewo juga inali mlandu, choncho anakatenga chilolezo ku ofesi, pepala lodinda sitampa lomwe analikhoma pa chitseko. Linkanena kuti matikiti onse ogulidwa alowe mu dengu limodzi, wokoka akokere pamaso pa anthu, ndipo a komiti ndi akazi awo asagule.

Wapampando wa kalabuyo anali ahedi athu, mkulu wa mpingo, mnzawo wa bambo anga. Anandiitana mu ofesi.

"Mwana wangu, anthu amakukhulupirira. Udzakoke ndiwe."

"Yewo, ada," ndinathokoza m'chiyankhulo cha kwathu, mtima uli mbee. Ndinkaona ngati andilemekeza, kupusa kwanga!

Ndinagulitsako matikiti mu msika. Mayi wina wogulitsa usipa, yemwe tinkakhala benchi imodzi ku tchalitchi, anagula atatu. Anati juga sakhudza, koma poti dzanja ndi langa, palibe chinyengo.

Loweruka masana anandimanga nsalu m'maso, ahedi anagwedeza dengu mwamphamvu kuti aliyense aone, ine n'kupisa dzanja mpaka pansi. Nambala 47. Mwini wake anali mlamu wawo wa ahedi, wokhala ku Mzuzu, munthu amene sanabwere n'komwe. Malamulo aja sanatchule za alamu. Anthu anawomba m'manja mwaulesi n'kubalalika.

Pofika Lolemba, msika wonse unkati ndinabisa tikitiyo m'chikhatho. Ndinapsa mtima, koma ndinkadziwa kuti ndine wosalakwa. Dengu lija linali langa, ndinawabwereka, ndipo mesenjala wa kalabuyo anandibwezera timapepala ta matikiti tili momwemo. Madzulo ndikuyatsa mbaula ndinafunyulula kapepala kamodzi. 47. Kena, 47. Ndinakhala pansi n'kufunyulula tonse. Munalibe nambala ina.

M'mawa ndinapita nato kwa ahedi. Sanadzidzimuke. Anatseka chitseko, n'kukokolera timapepalato mu dirowa yawo.

"Anakoka ndani?" anafunsa. "Anthu anaona dzanja la ndani? Ukalankhula, ine ndidzati dengu linali lako. Ndiponso wapampando wa chipani anali pomwepo, anawomba m'manja. Ukufuna kunena kuti iyenso ndi wakuba?"

Nthawi imeneyo funso lotero linkatha kumusowetsa munthu. Ndinatuluka chimanjamanja. Ngakhale bambo anga sindinawauze, chifukwa akanapita kukafunsa, ndipo ndinkawaopera. Zimandiwawa mpaka lero kuti ahediwo, amene anandiphunzitsa kulemba dzina langa ndili mwana, ndi amene analisankha dzinalo kuti abisalemo. Sanandisankhe mwangozi. Ankafuna munthu woyera, chifukwa wakuba anthu akanamuyang'anitsitsa.

Patapita mwezi makina aja anatsika pa basi ya ku Mzuzu n'kukakhala pa khonde la ahedi, akuti mlamu wawabwereka. Mayunifomu a ana a m'kalasi mwanga ankasokedwa pomwepo.

Lamlungu la mgonero, ahedi anabwera ndi mbale ya mkate ku mbali ya azimayi, atavala jekete lawo lakuda. Anandipatsa, ndinatenga kachidutswa kanga, n'kutembenukira kwa mayi wa usipa uja kuti ndimupatsire. Mayiyo anayang'ana dzanja langa, napinda manja ake. Ahedi anaitenga mbaleyo kwa ine n'kumupatsa okha, ndipo kwa iwo analandira ndi manja awiri.