Moto wa Adada pa Gome

Adada anali mphunzitsi wopuma ntchito komanso mkulu wa mpingo kwathu ku Bolero. Nthawi zina ankayaka moto. Akakwera pa gome m'mawa, tinkatuluka m'tchalitchi dzuwa litapendeka, ana akulira ndi njala. Masiku oterowo sankagona, ankadya choimirira, ndipo tsiku lina anazula chimanga cha amama chofika m'chiuno kuti amangepo koleji ya azibusa. Akhristu ankati ndi Mzimu, n'kuwasankha m'komiti iliyonse, ngakhale ya zophikaphika.

Kenako motowo unkazima. Ankagona milungu ingapo atayang'ana kukhoma, osasamba, osayankhula. Apanso mpingo unali ndi yankho: akulu akusala kudya. Ine zinkandipsetsa mtima, chifukwa wosalayo amama ankamudyetsa phala ndi supuni, kwinaku atabisa zingwe ndi mankhwala opopera fodya.

Za chimangazo ndiye zinawakwana amama. Tinawakweza adada pikapu mpaka kuchipatala ku boma, iwo akulalikira matumba a feteleza njira yonse. Dokotala atawafunsa bwinobwino, anati ndi matenda a maganizo otchedwa bayipola, ndipo mitundu yake ikuluikulu ndi iwiri. Wachiwiri munthu amatsika kwambiri koma amakwera pang'ono chabe. Woyamba amakwera mpaka kuboola denga.

"Wangawu ndi uti?" anafunsa adada.

"Woyamba, bambo."

Adada anayang'ana amama monyadira. Chibadwire sanakondepo nambala thu.

Dokotalayo anawapatsa mapilitsi omwa tsiku lililonse, n'kuwauza kuti azigona pa nthawi yake ndiponso azibwera kudzayezetsa magazi ndi kudzacheza. Patapita miyezi, ulaliki unafupika, anthu n'kumafika kunyumba nyemba zisanapserere. Koma munthu sayamika. Lamlungu lina masana akulu ampingo awiri anabwera, n'kukhala pakhonde zipewa zili pa mawondo.

"Adada, moto uja wapita kuti?" anatero wamkuluyo. "Mapilitsiwa akuzimitsa mphatso. Bwanji muwasiye kaye, ngakhale mwezi wa chitsitsimutso wokha?"

Ine ndinkadziwa kuti adada motowo ankaulakalaka. Anali atandiuzapo kuti masiku ano dziko amaliona ngati tiyi wopanda shuga. Amama anaima pakhomo ndi thireyi ya makapu a tiyi.



"Yewo chomene," anathokoza adada. "Ndisiya. Koma ndisamukira kwa inu lero lomwe, ndi chikwama changa. Muzindisunga ndinu, pokwera ndi potsika pomwe."

Akuluwo anayang'anana. Wina anakumbukira kuti nyumba yake ikudontha, mnzakeyo anati akazi ake ndi a BP. Tiyi anamwa akuwotcha, n'kutsanzika.

Atapita, amama anakhala pansi pakhonde pomwepo n'kuyamba kulira, ine n'kuwathandiza kulirako. Adada anatola makapu okha, koyamba m'moyo wawo, n'kundifunsa kumene timatsukira.